MANGOCHI, TAUNI IMENE IDAMERA PA DOKO

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Liwonde amadziŵa kuti wayandikira Mangochi asanaŵerenge chikwangwani chilichonse. Mphepo imayamba kutentha, mapiri amaoneka ngati abwerera m'mbuyo, ndipo malambe ndi migwalangwa zimachuluka m'mbali zonse za msewu. Posakhalitsa amayamba kuona nsanja za mizikiti m'midzi, ndi anyamata a njinga osenza madengu a usipa wouma.

Tauni ya Mangochi idakhala m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ziŵiri: Nyanja ya Malaŵi kumpoto ndi Nyanja ya Malombe kumwera. Nyanja ya Malaŵi imalandira mitsinje yambiri, koma khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, ndilo Shire. Chotero kuyambira kale aliyense woyenda pa madzi kuchokera kunyanja kupita kumunsi ankayenera kudzera pamenepa. Ndiponso woyenda pansi kuchokera kumadzulo kupita kum'maŵa, ngati sadafune kuwoloka nyanja yaikuluyo, ankadzawolokera pomwepa. Mangochi ndi doko. Chuma chake, zipembedzo zake, mikangano yake ngakhalenso maseŵera ake, zonse zidabwera ndi anthu odzawoloka, amene ena a iwo adamanga misasa osapitiriranso. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 53,000 m'tauniyi, ndi anthu oposa 1,100,000 m'boma lonse la Mangochi.

Eni Doko Oyamba

Anthu adayamba kale kukhala m'dera limeneli. Ku Nkope, kumpoto kwa tauni, akatswiri ofukula zinthu zakale adapeza mapale a miphika ya anthu amene adakhalako zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pambuyo pake kudakhala Anyanja, mbumba ya Amaravi, amene ankalima, kuŵedza nsomba ndi kusema mabwato. Ayao adafika chapakati pa zaka za m'ma 1800 kuchokera kumapiri a kumpoto kwa Mozambique. Iwo adali amalonda ozoloŵera maulendo ataliatali opita ku Kilwa ndi kumadoko ena a kunyanja ya mchere, kumene ankapita ndi minyanga ya njovu ndi akapolo, nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga.

Mafumu atatu a Chiyao ndiwo adakula mphamvu kumwera kwa nyanja kuno. Mponda adamanga mudzi wake waukulu kumadzulo kwa Shire, pafupi ndi pamene mtsinjewo umatulukira m'nyanja, kotero kuti aulendo onse owoloka ndi zombo zonse zodutsa zidali m'manja mwake. Makanjira adakhala kugombe la kum'maŵa kwa nyanja, ndipo adali ndi zombo za matanga zowolotsera katundu ndi anthu. Jalasi adakhala pamwamba pa phiri la Mangochi, kufupi ndi Namwera, pamene ankayang'anira njira yopita kum'maŵa.

Chuma cha mafumu ameneŵa chidali chenicheni, koma mtengo wake udali anthu. Midzi yambiri idapasuka, ndipo amuna, akazi ndi ana ogwidwa kumadzulo kwa nyanja adawolotsedwa pa doko limeneli goli lili m'khosi. David Livingstone adafika pa Nyanja ya Malaŵi chakumwera konkuno mu Seputembala 1859, ndipo m'chaka cha 1866 adacheza kwa Mponda. Zimene iye adalemba za malonda a akapolo ndizo zidaitana amishoni, ndipo pambuyo pa amishoni padabwera asilikali.

Linga la Johnston

Boma la Britain litalengeza m'chaka cha 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, adaona msanga kuti wogwira doko la Mponda wagwira nyanja yonse. Chaka chomwecho adatumiza Kapitao Cecil Maguire ndi asilikali ochokera ku India kuti amange linga kutsidya la kum'maŵa kwa Shire, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda. Lingalo adalitcha Fort Johnston.

Nkhondo yake sidali yapafupi monga mabuku ena akale ankafotokozera. Mu Disembala 1891 Maguire adaphedwa pamene ankafuna kuwononga zombo za Makanjira. M'chaka cha 1892 ankhondo a Jalasi adabweza gulu la asilikali a boma limene lidakwera phiri lawo, nalanda mfuti yaikulu ya mzinga. Makanjira adagonjetsedwa m'chaka cha 1893, ndipo kudziko lake kudamangidwa linga lotchedwa Fort Maguire. Jalasi adalimba mpaka m'chaka cha 1895; atamgonjetsa, Azungu adamanga linga lina pa phiri lake lomwelo, limene makoma ake a miyala akadalipo. Motero malonda a akapolo adatha kumwera kwa nyanja, koma ufulu wa mafumu udathera pomwepo, ndipo m'malo mwake mudaloŵa msonkho wa nyumba.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 boma lidasamutsira Fort Johnston kutsidya la kumadzulo, pamalo pamene pali tauni lero. Padakhala likulu la boma limene linkatchedwa South Nyasa, ndiponso doko la sitima za pamadzi za boma, za amalonda ndi za amishoni. Mudzi wa Mponda udasanduka mbali ya tauni. Dzina la Mpondasi limene anthu amatchula lero lidachokera ku katchulidwe ka Azungu ka mudzi umenewu. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira, dzina la Johnston lidachotsedwa, ndipo tauni ndi boma lonse zidatenga dzina la phiri la Jalasi lija, Mangochi.

Zimene Nsanja ya Wotchi Imasunga

Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya njerwa ya wotchi imene idamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Anthu ambiri amaidutsa tsiku ndi tsiku osaima, chonsecho pambali pake pali zikumbutso ziŵiri zofunika.

Choyamba ndi mfuti ya mzinga yochokera m'sitima yankhondo yotchedwa Guendolen. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba mu Ogasiti 1914, sitima imeneyi, motsogozedwa ndi Kapitao Rhoades, idapita ku Sphinxhafen, kumene lero kumatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, nikawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann imene idali pamtunda ikukonzedwa. Nkhani imamveka yakuti kapitao wa Chijeremani, amene adali bwenzi la Rhoades, adapalasa bwato kudzafunsa mwaukali ngati mnzakeyo adaledzera, popeza uthenga wakuti nkhondo yabuka udali usanamfike. Kuwomberana kumeneku kumaŵerengedwa pakati pa nkhondo za pamadzi zoyambirira za nkhondo yonse ija.

Chachiŵiri ndi chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene idamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Chitimba, mwera utakula. Anthu 145 adafa. Sitima ya Ilala, imene doko lake ndi Monkey Bay m'boma lomweli, idayamba kuyenda m'chaka cha 1951.

Pali mbiri ina imene ilibe chikumbutso pa nsanjapo. Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa mpingo wa Anglican wa ku Malindi, adali nduna ya za maphunziro pamene dziko lidalandira ufulu m'chaka cha 1964. Atasemphana ndi Dr. H. Kamuzu Banda pa mkangano wa nduna wa chaka chomwecho, adabwerera kwawo naloŵa m'mapiri. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iye ndi anthu ake pafupifupi 200 adalanda Fort Johnston nayamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza pantoni yowolotsera magalimoto ili tsidya lina, ndipo asilikali a boma adawapeza asanawoloke. Doko lina la Shire yemweyo ndilo lidathetsa ulendowo. Chipembere adamwalira ku America m'chaka cha 1975, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 dzina lake silinkatchulidwa poyera, pamene anthu a m'midzi yoganiziridwa kuti idamthandiza adazunzika kwambiri.

Chisilamu Chiwoloka

Njira imene idabweretsa nsalu ndi mfuti ndiyo idabweretsanso Kurani. Mafumu a Chiyao ankasunga alembi a Chiswahili olemba makalata a zamalonda m'zilembo za Chiarabu, ndipo alembi omweŵa ankaphunzitsa ana a mfumu kuŵerenga ndi kuswali. Makanjira adaloŵa Chisilamu chapafupi ndi chaka cha 1870, ndipo Mponda ndi Jalasi adatsatira. Chodabwitsa nchakuti Chisilamu chidafala kwambiri mafumuŵa atagonjetsedwa kale. Anthu amene adalandidwa mfuti ndi malonda adapeza m'chipembedzochi chinthu chawochawo chimene sichidachokere kwa wowagonjetsa.

Ntchito yeniyeni yofalitsa adaigwira mashehe oyendayenda m'midzi. Wotchuka pakati pawo adali Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene adaphunzira ku Kilwa nabwerera kudzaphunzitsa m'mbali mwa nyanja mpaka imfa yake m'chaka cha 1930, ndi wophunzira wake Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje. Iwo sadalimbane ndi miyambo yonse ya makolo. Chinamwali cha anyamata chidasanduka jando, khomo loloŵera m'Chisilamu. Mwambo wokumbukira akufa udakhala sadaka. Pambuyo pake padafika gulu la Qadiriyya ndi mapemphero ake a sikiri, oimba ndi kupuma mwamphamvu motchula dzina la Mulungu. Ena adatsutsa kuti pamaliro payenera kukhala bata, ndipo ameneŵa adatchedwa a sukuti, kuchokera ku mau a Chiarabu otanthauza kukhala chete. Mtsutso umenewu udagaŵa mizikiti ina kwa zaka zambiri, ndipo ukusonyeza kuti Asilamu a kunyanja akhala akulingalira okha za chipembedzo chawo.

Lero anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Asilamu, ndipo nthaŵi ya tauni imayendera zimenezo. Kuitanira kumapemphero kumamveka kasanu pa tsiku, kuyambira m'bandakucha. Lachisanu masana mashopu ambiri amatsekedwa kwa kanthaŵi, amuna atavala mikanjo ndi mizuli kupita kumzikiti. M'mwezi wa Ramazani msika umachita phokoso dzuŵa likamaloŵa, anthu akugula zomasulira, ndipo pa ziyala, chikondwerero cha kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, misewu imadzaza ndi mbendera ndi nyimbo.

Amishoni ndi Kuleza Mtima Kwawo

Akhristu nawonso adaloŵera pa doko lomweli. Mu Okotobala 1875 kasitima kotchedwa Ilala kadadutsa kwa Mponda katanyamula amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dr. Robert Laws, amene adakamanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Malungo adapha ena a iwo, ndipo manda awo alipobe. Pamene ankasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, adali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe.

Akatolika oyamba kudzakhazikika m'dziko muno, ansembe a chipani cha White Fathers motsogozedwa ndi Bambo Adolphe Lechaptois, adafika kwa Mponda mu Disembala 1889. Adatsegula kasukulu napereka mankhwala kwa odwala, koma mu Juni 1891 adachoka osasiya mpingo, napita ku Mambwe m'dziko limene lero ndi Zambia. Amishoni a Anglican a bungwe la U.M.C.A. ndiwo adakhalitsa. M'zaka za m'ma 1890 adatsegula mishoni kwa Mponda ndi ku Malindi, kugombe la kum'maŵa. Sitima yawo ya Chauncy Maples idalumikizidwa kwa Mponda niyamba kuyandama m'chaka cha 1901. Inkayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ili tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthaŵi imodzi. Ku Malindi kuli chipatala cha St. Martin's ndi sekondale ya atsikana ya St. Michael's, zipatso za ntchito imeneyo.

Mpingo wa Katolika udadzakula pambuyo pake ndi ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy, ambiri a iwo a kudera la Bergamo. M'chaka cha 1969 dera la Fort Johnston lidapatulidwa kukhala palokha, ndipo m'chaka cha 1973 lidakhala dayosizi ya Mangochi, episkopi wake woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. Pambuyo pawo padabwera Ambuye Luciano Nervi ndi Ambuye Alessandro Pagani, onse a ku Italy, mpaka m'chaka cha 2014 pamene Ambuye Montfort Stima adakhala Mmalaŵi woyamba kutsogolera dayosiziyi. Tchalitchi lalikulu la St. Augustine lili m'tauni momwemo, ndipo wailesi ya Radio Maria idayambira ku Mangochi m'chaka cha 1999. Motero tauni imene anthu ake ambiri ndi Asilamu ndi likulunso la ntchito zazikulu za Chikhristu, ndipo belu la tchalitchi ndi mau a woitanira kumzikiti zimamveka m'khutu limodzi.

Sukulu: Pamene Padavuta

Malo amene zipembedzo ziŵirizi zidakumana movuta ndi pa sukulu. M'nthaŵi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zidali za mishoni, ndipo mwana woloŵa sukulu ankaphunziranso katekisimu, nthaŵi zambiri nabatizidwa ndi kusintha dzina. Makolo achisilamu adaona kuti kupereka mwana kusukulu ndiko kumtaya, chotero adamsunga ku madrasa, kumene ankaphunzira Kurani koma osati Chingerezi kapena masamu ofunika pa ntchito za boma. Mantha awo sadali opanda pake, koma zotsatira zake zidali zoŵaŵa. Boma limene lidapatsa dziko nduna ya za maphunziro ya m'chaka cha 1964 lidali limodzi mwa maboma amene anthu ake ambiri sankadziŵa kulemba ndi kuŵerenga. Ukalaliki, uphunzitsi ndi unamwino zidapita kwa ana a mishoni ndi kwa obwera kuchokera kumaboma ena, pamene eni dera adatsala ndi usodzi, utelala ndi malonda ang'onoang'ono.

Zinthu zidayamba kusintha boma litatenga mbali yaikulu poyendetsa sukulu, ndiponso pamene mabungwe achisilamu, monga Muslim Association of Malawi, adayamba kumanga sukulu zawo ndi kulipirira ana, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1980. M'chaka cha 1994 sukulu za pulayimale zidakhala zaulere. Komabe bala lakale silipola tsiku limodzi. Mu Juni 2003, Asilamu asanu ochokera kumaiko ena atagwidwa ku Blantyre ndi kutulutsidwa m'dziko powaganizira za uchigaŵenga, ku Mangochi kudabuka zipolowe ndipo matchalitchi ena adaphwanyidwa. Anthu asanu aja adadzamasulidwa popanda mlandu. M'chaka cha 2019 mkangano wa hijabu, mpango umene atsikana achisilamu amafunda kumutu, udatseketsa sukulu ina ya mishoni m'boma loyandikana nalo la Balaka. Atsogoleri a mbali zonse ziŵiri adakhala pansi mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, ndipo m'chaka cha 2021 adasainirana pangano lolola atsikanawo kufunda hijabu yogwirizana ndi yunifolomu ya sukulu.

Zimenezi zikuphunzitsa kuti mtendere wa ku Mangochi sudagwe kumwamba ngati mvula. Umapangidwa ndi anthu: pamaliro pamene Mkhristu ndi Msilamu amakumba manda amodzi, paukwati pamene ophika amasamala za nyama imene alendo onse angadye, ndi m'mabanja ambiri mmene mwana wa mlongo ali wa kumzikiti pamene malume wake ndi mkulu wa mpingo. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola.

Kupikisana Kopanda Mikondo

Pali bwalo lina limene anthu a ku Mangochi adaphunzirirapo kulimbana popanda kudana, ndilo la maseŵera. Azungu a ku Fort Johnston adali ndi kalabu yawo ya maseŵera ndi zakumwa yotchedwa Gymkhana Club, imene munthu wakuda ankaloŵamo ngati wantchito basi. Nyumba imeneyo lero ndiyo yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, ndipo mwana wa sukulu aliyense angathe kuloŵamo. Koma kunja kwa mpanda wa kalabuyo eni dziko adali ndi mipikisano yawo.

Woyamba ndi bawo, maseŵera amene Ayao adagaŵana ndi Aswahili a kunyanja ya mchere. Thabwa lake lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo nkhomo zake ndi 64. Woseŵera amafesa nkhomo m'maenje motsatana, nalinga kuti yomaliza igwere poyang'anizana ndi za mnzake kuti azidye. Katswiri amaŵerengera m'mutu maenje ambiri patsogolo dzanja lisanagwire nkhomo. Mphunzitsi wa masamu amene amadandaula kuti ana a kunyanja ndi ofooka pa kuŵerengera angachite bwino kukaima pansi pa mtengo wa mango pamene madoda akuseŵera bawo. Adzaona kuti nzeru ya masamu ilipo kale. Chimene chidasoŵa ndi mlatho wochokera pa thabwa kufika pa bolodi.

Wachiŵiri ndi beni. Dzina lake lidachokera ku mau a Chingerezi otanthauza gulu la oimba malipenga a asilikali. Gule ameneyu adayambira m'matauni a Aswahili chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo adafala kunyanja kuno makamaka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene asilikali a K.A.R. ndi amtengatenga adabwerera kwawo. Ovina amavala ngati asilikali, amaguba m'mizere, ndipo ali ndi maudindo ngati a kunkhondo. Beni sadali gule wongosangalatsa chabe ayi, adali mpikisano. Mudzi unkaitana mudzi unzake, ndipo anthu ankaŵeruza kuti ndani wavala mwaukhondo, ndani waponda mogwirizana, ndani wapeka nyimbo yolasa. Adzukulu a anthu amene ankamenyana ndi mfuti za gogodera adayamba kugonjetsana ndi ng'oma ndi mapazi. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo cha pakati ndi abale ake a beni.

Mpira wa miyendo udaloŵa kudzera m'sukulu za mishoni ndi mwa asilikali, koma udachita chimene katekisimu adalephera: udafika m'mudzi uliwonse popanda kholo loukana. Mwana wa ku madrasa ndi mwana wa kwaya amakankha chikulunga chimodzi pa mchenga, ndipo posankha timu palibe amene amafunsa za chipembedzo. Amafunsa ngati mnyamatayo amathamanga ndi kugoletsa. Atsikana nawo ali ndi mpira wa manja, umene pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi bwalo lake. Bwalo lamakono la Mangochi Stadium lidachititsa kuti matimu akuluakulu a m'dziko muno adzaseŵere m'tauniyi, anthu nadzaonera maso ndi maso akatswiri amene ankangowamvera pa wailesi.

Nyanja nayo ili ndi maseŵera ake. M'chaka cha 1984 udayamba mpikisano wa mabwato a matanga wochokera kugombe la Mangochi kuloŵera kumpoto, ulendo wa makilomita oposa 500 wochitika m'nyengo ya mwera. Opikisana ambiri adali alendo ndi anthu opeza bwino, popeza mabwato otere ndi okwera mtengo, ndipo ana a asodzi, amene amadziŵa mafunde kuposa wina aliyense, ankangoonerera pa gombe. Mpira wa pamchenga ndiwo udawatsegulira khomo. Umaseŵeredwa ndi anthu asanu mbali iliyonse, opanda nsapato, ndipo bwalo lake ndi gombe lenilenilo. M'chaka cha 2022 timu ya dziko lino idafika koyamba mu mpikisano wa maiko a mu Africa wa mpira umenewu, umene udachitikira ku Vilankulo m'dziko la Mozambique. Mchenga umene anthu a kumtunda ankauyesa wopanda ntchito udapatsa maboma a kunyanja maseŵera amene angathe kutsogola nawo.

Doko la Lero

Pa Shire tsopano pali mlatho wa Bakili Muluzi, umene udamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo munthu amawoloka m'mphindi zoŵerengeka pamalo pamene Mponda ankalamulira. Komabe Mangochi akadali doko, kungoti tsopano owoloka ambiri ndi ana ake enieni. Chambo, chimene chidali chuma cha Malombe ndi cha kumwera kwa nyanja, chidachepa kwambiri kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono ndi kuchuluka kwa asodzi. Anyamata ambiri amaona kuti njira yokha ndi ya ku Joni, monga azigogo awo ankapitira ku Kilwa ndi atate awo kumigodi. Ena amabwerako ndi malata ndi njinga zamoto. Ena amabwerako chimanjamanja, ndipo mwana wa Sitandade 7 woona nyumba ya malata ya mnansi wake amayamba kufunsa phindu la kukhalabe m'kalasi.

Funso limenelo ndi lolemera, ndipo siliyankhidwa ndi chikwapu kapena ndi ulaliki. Mbiri ya tauniyi ili ndi yankho lake. Pa doko limeneli wopindula nthaŵi zonse adali wodziŵa kuŵerenga zimene zikudutsa: mlembi wa mfumu wolemba makalata a ku Kilwa, kalaliki wa sitima wolemba katundu, shehe ndi mphunzitsi amene anthu ankawafunsa nzeru. Wongosenza katundu adatsala wosenza katundu, kaya wa Mwarabu, wa Mzungu kapena wa mwini shopu wa ku Johannesburg. Wachinyamata womaliza sukulu amene akuganiza zowoloka ayenera kudzifunsa kuti akawoloka ngati ndani.

Aphunzitsi a ku Mangochi ali ndi mwayi umene anzawo ambiri alibe. Safunika galimoto kuti aonetse ana mbiri ya dziko lawo, pakuti nsanja ya wotchi, mzinga wa Guendolen, nyumba ya zinthu zakale, mzikiti waukulu, tchalitchi la St. Augustine ndi mudzi wa Mponda zonse zili pa mtunda woyenda pansi. Mwana amene wayenda ulendo umenewu ndi mphunzitsi wake m'maŵa, naseŵera mpira madzulo ndi mnzake wa chipembedzo china, waphunzira zinthu ziŵiri zimene tauniyi idazipeza movutikira: kuti aliyense pano adachita kubwera, ndi kuti anthu obwera mosiyana angathe kupikisana mwamphamvu nagwirana chanza mpira ukatha.